Njinga ya kaunjika kwa munthu amene wangosiya mowa: tisonkhe kapena tidikire?

Wa ku Sadzi, Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Alamu anga asiya mowa, akwanitsa masabata atatu tsopano. Ali ndi zaka 44 ndipo ankamwa tsiku ndi tsiku, makamaka kachasu ndi timabotolo totchipa tija. Akuti akufuna azilimbitsa thupi kuti chibaba chisamawapeze atangokhala, ndiye maso awo ali pa njinga ya magiya ya kaunjika. Abale tikufuna kusonkha, koma ndalama yake si yamasewera. N'koyenera kugula panopa?

Namwino wa ku Matawale: Achemwali, za njinga ziyambe zadikira. Anapitako kuchipatala chisiyireni? Nthawi yoopsa kwambiri yadutsa kale, chifukwa kunjenjemera ndi thukuta zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 munthu atamwa komaliza, kugwa ngati wakhunyu kumabwera m'masiku awiri oyamba, ndipo kubwebweta ndi kuona zinthu zomwe palibe kumakonda tsiku lachiwiri mpaka lachinayi. Koma zomwe mowa wa zaka zambiri wawononga sizichoka pa masabata atatu. Akayezetse BP ndi shuga, amvetseredwe mtima, ndipo anene mosabisa kuchuluka kwa mowa umene ankamwa. Afunsenso za vitamini B1, chifukwa omwa kwambiri amakhala nayo yochepa ndipo ikasowa mitsempha ndi ubongo zimavutika.

Pali zoyesa ziwiri zomwe mungachite pakhomo lero. Aimirire mapazi ataphatikiza, atseke maso masekondi 30, wina ali pambali kuti awagwire. Kenako ayende masitepe khumi pamzere, chidendene chikugunda chala cha phazi linzake. Ngati akudzandira, kapena akuti mapazi amachita dzanzi ndi kutentha usiku, njinga ayi. Munthu wosamva bwino pedulo kuphazi ndi ngozi pa msewu waukulu wa M3.

Makaniko wa pa Chinamwali: Anamwino anena zoona, koma akapezeka ali bwino ine ndikuti gulani. Munthu wa zaka 44 amene wakhala pabenchi zaka zambiri akayamba kuthamanga, sabata yachiwiri mawondo ndi akakolo zimakhala zatupa, basi wasiya. Njinga simenya mawondo chotero. Chachiwiri, njinga imalowa m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Kuchokera ku Sadzi kupita m'tauni ndi kubwerera, masewera achitika kale popanda kupatula nthawi, ndalama ya kabaza yatsala m'thumba.

Vuto ndi loti ambiri amagula utoto. Njinga za kaunjika zimabwera zonyezimira koma zina zatheratu m'kati. Gulani ya matayala a mainchesi 26, chifukwa machubu, matayala ndi masipoko ake mumawapeza paliponse. Za 29 ndi 27.5 n'zokongola, koma tayala likang'ambika mudikira wopita ku Limbe. Mabuleki akhale a waya okhala ndi timphira togwira rimu. A mafuta aja amagwira bwino, koma akangotayikira, amakaniko a pansi pa mtengo alibe zida zake.

Poyesa, zunguzani gudumu muone ngati rimu ikuyenda mowongoka pakati pa timphira. Pititsani chala m'mbali mwa rimu: ikalowa m'kati ngati kangalande, yadyeka, ndipo tsiku lina idzaphulika pamtsetse. Kokani tcheni kutsogolo kwa giya yaikulu ya pa pedulo. Ikanyamuka mpaka mano kuonekera, yatha, ndipo kawirikawiri imakhala yadyanso magiya a kumbuyo, ndiye ndalama ziwiri. Gwedezani pedulo cham'mbali, isamachite gwedegwede. Yang'anani felemu pomwe anawotcherera, makamaka pansi pa hendulo ndi pa mpando. Mng'alu ngakhale waung'ono, isiyeni. Foloko ya masipuling'i yotchipa imangowonjezera kulemera, nthawi zambiri imakhala inauma kale.

Wa ku Sadzi: Nanga njinga ya Buffalo? Ena akuti ndiye yolimba.

Makaniko wa pa Chinamwali: Kulimba ndi yolimba, kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100. Koma imalemera makilogalamu oposa 20 ndipo yodziwika ija ilibe magiya osintha. Kuchigwa cha ku Jali ndi ku Kachulu ndi yabwino. M'tauni muno, poti paliponse pali chikweza, woyamba kumene azingoikankha.

Mphunzitsi wa masewera, Chikanda: Ine ndikutsutsa, a makaniko. Njinga si yoipa, koma simuyamba nayo. Chimene alamuwo akusowa panopa si chida, ndi chizolowezi, ndipo chizolowezi chimayesedwa ndi nsapato. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera osapanikiza kwambiri mphindi zosachepera 150 pa sabata, kuphatikizapo olimbitsa minofu masiku awiri. Mphindi 30 masiku asanu zakwana. Miyendo yokha ikhoza.

Masabata awiri oyamba aziyenda mphindi 15 mpaka 20, masiku asanu pa sabata, pamalo osakwera. Liwiro lake likhale loti akutha kuyankhula koma sangathe kuimba. Akamalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, achepetse. Sabata yachitatu ndi yachinayi afike mphindi 25 mpaka 30. Yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, mphindi 30 zomwezo koma kawiri pa sabata alowetsemo kachikweza, monga kukwera cha ku Botanical Gardens. Lachiwiri ndi Lachisanu awonjezere kukhala ndi kuimirira pampando kakhumi, kupuma mphindi imodzi, kubwereza katatu, ndi kukankha khoma ndi manja chimodzimodzi.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi phuma la sabata yoyamba. Munthu amafuna kubweza zaka khumi pa tsiku limodzi, Loweruka n'kunyamuka wa ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba. Msewu uja umakwera mamita oposa 500 kuchokera m'tauni. Amabwerako miyendo ili zii, masiku atatu osayenda, ndipo masiku atatu ongokhala ndi thupi lophwanya ndi amene chibaba chimawakonda.

Makaniko wa pa Chinamwali: Za Ku Chawe tikugwirizana. Pa njinga kutsika kwake ndiye koopsa kuposa kukwera. Woyamba amagwira buleki osasiya, rimu imatentha, timphira timafewa, pakona n'kukumana ndi onyamula nkhuni. Miyezi itatu yoyamba asayandikireko.

Mlangizi, wa ku Ndola: Ndilowererepo pa mbali imene simunaikhudze. Masewera olimbitsa thupi amathandiza tulo, amachepetsa nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo amapatsa tsiku dongosolo. Izi n'zofunika kwambiri, chifukwa wosiya mowa amavutika tulo masabata ambiri, ena miyezi, ndipo kusowa tulo kumabweza anthu ambiri kubotolo. Koma masewera paokha si mankhwala a uchidakwa. Abale musaganize kuti mukagula njinga ndiye mwamaliza udindo. Alamuwo akufunikabe uphungu. Kuno ku Zomba tili ndi mwayi wa chipatala cha matenda a maganizo, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza osiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Tsono funso langa n'lakuti, ankamwa nthawi yanji? Chibaba chimabwera pa ola lake, chimakula, kenako chimatsika, kawirikawiri pasanathe theka la ola ngati munthu sanachigonjere. Masewera aikidwe pa ola lomwelo. Ngati ankayamba akaweruka cha m'ma 5 koloko, kudzuka 5 koloko m'mawa kukathamanga sikutseka mpata umene uli woopsa. Ndiye taonani: kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, m'nyengo yozizira lisanafike n'komwe. Ola limene akufunika kukhala kunja ndi la chisisira, maminibasi ndi njinga zamoto zili piringupiringu. Woyenda pansi ali ndi mnzake ali bwino pa nthawi imeneyo kusiyana ndi woyamba kupalasa ali yekha.

Chinanso, ndipo ndikunena mwaulemu. Kubwerera kumowa kumachitika kwa ambiri m'miyezi yoyamba, si chinthu chodabwitsa kapena chochititsa manyazi. Koma tsiku limenelo njinga imasanduka ndalama. Imaikidwa pinyolo pa mtengo wosafika theka, kenako kunyumba kumabuka mkangano wa osonkha, munthu n'kuchita manyazi, n'kumwa kwambiri kuti aiwale. Nsapato zovalavala palibe amazilandira pinyolo.

Wa ku Sadzi: Ankayamba akaweruka ndithu, ndipo malo ake ali panjira yobwerera kunyumba.

Mlangizi, wa ku Ndola: Ndiye njira isinthe, ngakhale italike. Munthu woyenda naye akawatengere kuntchito komweko, asamakumane kunyumba. Asatenge ndalama m'thumba popita kokayenda. Kumapeto kwa mwezi, tsiku la malipiro ndi Loweruka lotsatira, woyenda nayeyo asajombe. Muwachenjezenso za mpira wa akuluakulu wa Loweruka. Masewera ake ndi abwino, koma matimu ambiri amakamalizira kubala, ndipo kukana botolo uli ndi ludzu pakati pa anzako khumi n'kovuta.

Makaniko wa pa Chinamwali: A mlangizi, za pinyolo ndamva. Koma musaiwale kuti munthuyu wapempha yekha njinga. Chinthu chimene munthu wachikonda ndi chimene amapitiriza. Mukamuuza kuti aziyenda pansi pomwe mtima wake uli pa njinga, aona ngati abale sakumukhulupirira.

Mayi wa banki m'khonde, Mpondabwino: Apo ndiye pali njira, bambo. Musawakanize, koma musawagulire yonse. Awerengere ndalama imene ankamwera pa sabata, aziiponya kubanki m'khonde kapena kwa m'bale mmodzi wodalirika, ndipo zilembedwe m'kabuku komwe iwo akuona. Abale mulonjeze kuti pakatha masabata asanu ndi limodzi akuyenda, muwonjezera theka. Njinga imene munthu waikapo thukuta lake saifulumira kuipereka pinyolo. Ndipo musathere ndalama yonse pa njingayo. Siyani gawo limodzi mwa magawo anayi la loko, pampu, zigamba, nyale ya kutsogolo ndi yofiira ya kumbuyo, chipewa choteteza mutu, komanso tcheni ndi timphira ta buleki zomwe pa ya kaunjika zimafuna kusintha msanga.

Mphunzitsi wa masewera, Chikanda: Izi ndiye ndavomera. Panopa gulani nsapato. Za kaunjika zili bwino mukasankha. Akayese masana kapena madzulo phazi litatupako, atavala masokosi amene azikayenda nawo. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wa chala chamanthu. Ikani nsapato patebulo muione kumbuyo: ikapendekera mbali imodzi, mwini wake woyamba anaimaliza. Ipindeni, izipindika pa zala osati pakati. Onani ngati pansi pake anamata ndi guluu, chifukwa zomata zimakanuka mvula yoyamba ya Novembala. Masokosi akhale awiri kapena atatu osinthira, opanda msoko wokhuthala.

Namwino wa ku Matawale: Ndiwonjezere za chakudya, poti apa m'pamene anthu amagwa. Chiwindi cha munthu amene wamwa nthawi yaitali sichisunga bwino shuga wa thupi, ndiye asapite kokayenda ndi njala. Nthochi, mbatata yophika kapena mtedza wodzaza dzanja, theka la ola asananyamuke. Njala ndi ludzu zimadzutsanso chibaba. Atenge botolo la madzi la theka la lita, ndipo mu Okutobala ndi Novembala adikire dzuwa lipepe. Thobwa la tsiku lomwelo lili bwino, koma logona masiku layamba kale kusasa, lisakhale m'nyumba. Zakumwa zopatsa mphamvu zija azipewe madzulo, zimathamangitsa mtima ndi kuba tulo. Masewera azitha maola awiri asanagone.

Miyendo ikaphwanya asathamangire mapilitsi. Panado wambiri amalemetsa chiwindi chomwe n'chotopa kale, ndipo bulufeni amatha kuyambitsa zilonda ndi kutaya magazi m'mimba mwa omwe ankamwa kwambiri. Afunse kuchipatala mlingo woyenera iwowo. Ngati mapazi ali ndi dzanzi, aziwayang'ana usiku uliwonse, chifukwa thuza losamveka limakula kukhala bala.

Asiye pomwepo n'kupita ku chipatala chachikulu cha Zomba Central ngati amva kupweteka pachifuwa, mtima ukugunda mosalongosoka, chizungulire chofuna kugwa, mapazi kapena mimba kutupa, maso achikasu, chimbudzi chakuda bii, kapena kubanika akagona chagada. Ndipo abale mudziwe ichi: akadzabwerera kumowa wa tsiku ndi tsiku n'kufuna kusiyanso, asasiye mwadzidzidzi ali okha kunyumba, ayambe apita kuchipatala.

Wa ku Sadzi: Zikomo nonse. Kuyeza Lolemba, nsapato sabata ino, kabuku kayamba Loweruka. Mphwanga wavomera kumawatengera kuntchito. A makaniko, masabatawo akakwana ndingabwere nawo musanatisankhire?

Makaniko wa pa Chinamwali: Bwerani nawo eni ake, njinga sagulira munthu palibe. Aimirire ataikwera pakati, pakati pa thupi ndi chitsulo cha felemu patsale zala zitatu. Mpando tidzaukweza mpaka mwendo uwongoke chidendene chili pa pedulo yotsika, chifukwa mpando wotsika ndi umene umapweteketsa mawondo. Maulendo oyamba akhale a mphindi 20, m'mawa wa Loweruka ndi Lamlungu, cha ku Matawale kolowera kuchigwa, pa giya yopepuka yoti miyendo izizungulira msanga. Kuyenda kwa madzulo ndi mphwanu kupitirire, poti nyale ya njinga yotchipa imangothandiza kuti agalimoto akuoneni, maenje a mumsewu siionetsa.