Sikana yakana kutumiza mafayilo chibwerereni magetsi

Mlembi, Zomba: Mwaswera bwanji nonse. Ku ofesi kwathu tili ndi sikana yaing'ono ya Brother ADS-1700W, imatumiza zikalata ku foda ya pa kompyuta ya akauntanti kudzera pa Wi-Fi. Chibwerereni magetsi dzulo, mapepala ikukoka bwinobwino koma pomaliza ikuti kutumiza kwalephera. Mafomu a ngongole aunjikana, abwana akuwafuna lero.

Wa IT, Lilongwe: Amayi, musanagwire china chilichonse, bayani flash kusikanako. Makina amenewo amasunga okha pa USB popanda kompyuta. Abwana alandire zawo, ife tizifufuza mtima uli m'malo.

Wa IT, Limbe: Imeneyo ndi SMB1 basi, njira yakale yotumizirana mafayilo pa netiweki. Windows 10 inasiya kubwera nayo yoyatsa kuyambira 2017. Ayatse, zitheka.

Wa IT, Lilongwe: Ayi achimwene, dzana imagwira ntchito pa kompyuta yomweyo. Komanso SMB1 ndi khomo lomwe vairasi ya WannaCry inalowera chaka chomwecho, sindingalitsegule mu ofesi yosunga ndalama za anthu. Amayi, rauta nayo inazima? Pa kompyuta ya akauntanti tsegulani cmd (kawindo kolembamo malamulo), lembani ipconfig, mutiuze nambala ya IPv4, yomwe ndi IP kapena kuti adiresi ya kompyutayo pa netiweki.

Mlembi, Zomba: Inazima, ilibe batire. Nambala ikuthera 112, koma papepala lomwe anasiya amene anatiikira palembedwa 105.

Wa IT, Lilongwe: Ndiye tagwira mbava. Rauta ikadzuka imagawanso ma IP mwatsopano, kompyuta yapatsidwa nambala ina koma sikana ikugogodabe pa 105. Onani IP ya sikanayo pa sikirini yake, muilembe mu browser, mulowe pa tsamba la zosintha, pa profile ya Scan to Network musinthe 105 ikhale 112. Mukatero musaime pomwepo. Lowani mu rauta, pa DHCP reservation, mumangirire IP imeneyo ku MAC address (nambala yosasintha) ya kompyutayo, kuti IP isamasinthe. Sikananso muichite chimodzimodzi. Apo ayi, magetsi akadzathimanso tidzakumana pompano.

Mlembi, Zomba: Ndasintha. Tsopano ikudandaula za authentication, kutsimikiza dzina ndi password.

Wokonza makina, Mzuzu: Taonani deti ndi nthawi pa sikanapo, mayi. Wotchi yake ikasiyana kwambiri ndi ya kompyuta, Windows imatha kukana ngakhale password ili yolondola. Ikani UTC+2, nthawi ya ku Malawi, muyatsenso SNTP kuti izidzikonzera yokha.

Mlembi, Zomba: Inalidi kutali! Yatumiza tsopano. Zikomo akuluakulu. Kafunso kena: ziphaso za unzika za makasitomala ndizilowetsa pamodzi ndi mapepala?

Wokonza makina, Mzuzu: Ayi, mungazikande. Sikanayo ili ndi kabowo kake ka makadi apulasitiki, chimodzichimodzi. Pamwamba polowetsera mapepala paja malire ndi mapepala 20, ndipo chotsani ma staple onse. Ambiri amene amandibweretsera sikana ili ndi mzere wakuda kutsika tsamba lonse, ndimapeza kagalasi kokandika kapena Tipp-Ex wouma. Nyengo ya fumbi ino muzipukuta ma roller ndi kansalu konyowa pang'ono, mukapanda kutero imayamba kumeza awiriawiri.

Wa IT, Limbe: Za SMB1 ndabweza. Koma mafomuwo musamaike 600 dpi (timadontho pa inchi) ya mitundu, fayilo imatupa ndipo Gmail imakana zopitirira 25 MB. Ikani 300 dpi, greyscale, mbali zonse ziwiri, ndi Skip Blank Page.

Mlembi, Zomba: Ndaika choncho. Password ya rauta ili ndi abwana, reservation ndipanga akatuluka mu msonkhano.