Nthawi ya masensa ikusemphana ndi ya log pa drone yanga

Moni nonse akuluakulu. Ndathedwa nzeru, ndithandizeni.

Ndikuyesa drone yomwe ndinalumikiza ndekha. Ndinaikamo Raspberry Pi 4 (kakompyuta kakang'ono) yolemba kunjenjemera kwa mapiko, pomwe ArduPilot, pulogalamu youlutsa drone, ikusunga log (fayilo ya zochitika paulendo) yake payokha. Ndikafananiza mafayilo awiriwa, nthawi sizikugwirizana: kugunda pansi kwa potera kukuoneka ngati kunachitika ndege idakali m'mwamba!

Poti Pi 4 ilibe wotchi ya RTC (yosunga nthawi ngakhale makina atazima), ndinaikapo kawotchi kotero kotchedwa DS3231. Zinachepako, koma sizinathe. Memory card ndasintha, mawaya ndafupikitsa, palibe chasintha. Za NTP (kuwongola nthawi kudzera pa netiweki) tisanene, kudambo komwe ndimaulutsirako netiweki kulibe.

Kodi ndikatenga PPS ya GPS (chizindikiro chotuluka kamodzi pa sekondi iliyonse) n'kulumikiza pa GPIO (timapini ta pa Pi), pulogalamu ya nthawi yotchedwa chrony ingawongole zimenezi? Kapena ndizingotenga nthawi kudzera pa MAVLink (njira yotumizirana mauthenga ndi ArduPilot)? Amene munazichitapo, chonde ndiuzeni.