Mabatire a sola atsakamira pa boda, ejenti akuti ndilipire msonkho

Wamawaya wa ku Kawale:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndinaoda mapanelo 24, ma inverter awiri ndi mabatire a lithium ku Johannesburg, ntchito ya pachipatala china chakumudzi. Katundu wafika pa Mwanza, ejenti wowombola katundu akuti mapanelo adutsa koma mabatire ndilipire. Si boma lomweli linachotsa VAT pa zipangizo za sola mu bajeti ya 2019? Kotesheni ndinapereka kalekale, yopanda msonkho. Storage, ndalama yosungira katundu pa boda, ikungowerenga masiku.

Madala a ku Limbe:
Achimwene, pa invoice alembapo chiyani? Mabatire onse ochajidwa amagwera pa code ya kasitomu 8507, agalimoto omwe. Ngati supplier wangolemba kuti batire basi, chikusonyeza kuti ndi la sola n'chiyani? Pemphani datasheet, pepala lofotokoza za batirelo, ejentiyo akaionetse. Koma invoice musaikhudze ndi cholembera, mungataye katundu yense.

Wa ku Mchesi:
Vuto si msonkho, vuto ndi dola. Kotesheni ya makwacha ndi msampha. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndinali ndi ntchito ya mjigo wa sola ku Dowa. Dipoziti ndinali nditalandira, pampu ndisanagule. Ndinagulitsa njinga yamoto kuti ndimalize.

Mayi wa ma inverter:
Ejenti wina anandichita zomwezi chaka chija namondwe Ana anagumula damu la magetsi la Kapichira, aliyense akufuna batire. Ndinalipira, akuti mudzabwezeredwa. Mpaka lero. Musalipire musanaone assessment, pepala la MRA losonyeza msonkho wake, ndi maso anu, enawa amaikamo yawoyawo.

Wamawaya wa ku Kawale:
Pa invoice angolemba mtundu ndi kukula kwa batire, LiFePO4 5kWh. Nanga thumba la Ngwee Ngwee Ngwee silingandibwereke yowombolera?

Madala a ku Limbe:
Limenelo ndi la pulojekiti ya World Bank, la makampani ogulitsa timasola tapanyumba tolipira pang'onopang'ono. Ntchito ya chipatala chimodzi musadalire. Ndipo mapepala ake mukamamaliza, storage idzakhala itaposa mtengo wa mabatirewo. Laisensi ya MERA ili bwinobwino? Musadzutse zina.

Wa ku Mchesi:
Ngakhale akubwerekeni, akupatsani makwacha. Dola muipeza kuti? Ku banki mukhala pamzere miyezi. Ndanena kale, kotesheni izikhala ya masiku 7 basi.

Mayi wa ma inverter:
Bambo, munthuyu katundu wagula kale, za dola zadutsa.

Wa ku Mchesi:
Nanga oda yotsatira?

Mnyamata wa ku Zomba:
Pepani kulowerera, alipo ali ndi MC4, zolumikizira mawaya a mapanelo, zotsala? Ndikufuna mapeya 10 mawa m'mawa.