Kobiri limene ndinkalisakasaka landipulumuka pa okushoni, nditani abale?

Membala wobisa dzina: Ndithandizeni maganizo, sindikugona tulo. Ndili kuno ku Chipata. Ndinayamba kusonkhanitsa makobiri akale agogo atandisiyira kachitini kodzaza mapeni obowoka pakati aja a Rhodesia and Nyasaland, a njovu ziwiri. Pali limodzi limene ndakhala ndikulifuna kwa nthawi yaitali, ndiye linatulukira pa okushoni ya pa WhatsApp. Mtengo wanga ndi umene unali pamwamba mpaka madzulo. Malaiti anathima, foni n'kuzima. Poyatsa m'mawa ndinapeza wina wawonjezera pang'ono chabe, latengedwa. Chondiwawa n'chakuti ndikanaika zambiri poyamba pomwe, koma mlamu wanga anabwereka kwa ine ndalama za fetereza, mpaka lero akandiona ku Kapata amakhotera kwina. Kunyumba nako akazi anga akuti ndikulirira zitsulo pomwe ana alibe nsapato za kusukulu. Wogulitsa uja sakuyankha. Pali chimene ndingachite?

Amake Taonga: Pepani bambo. Koma ndi kobiri liti, la chaka chanji? Nanga munatumizako kale ndalama kwa wogulitsayo?

Amalume a ku Katete: Ana inu mumangotola chilichonse chadzimbiri! Mapeni a njovuwo ali mbwee m'midzi monse, kuyambira Petauke mpaka Lundazi. Kobiri loti mwamuna angalilirire ndi masheleni asanu a 1965, a nkhope ya Kaunda, okumbukira chaka chimodzi cha ufulu. Kapena lalikulu lija la Southern Rhodesia la 1953 la Cecil Rhodes, muli siliva m'menemo. Ine ndinaligwirapo, limalemera m'manja.

Wa pa Mwami: Amalume musanyoze mapeni obowoka. Ine ndinamva kuti likamakoka singano ogula amapereka mamiliyoni.

Amalume a ku Katete: BODZA LENILENI! Peni limenelo ndi la mkuwa, likoka singano bwanji? Akuba amakuuzani choncho kuti mulipire ya "kuyeza", akatero foni azimitsa. Mwana wa mlongo wanga anagulitsa mbuzi ziwiri chifukwa cha nkhani yomweyi.

Nabanda: Ine ndili mbali ya mayi akunyumba. Ana ayende chapansi chifukwa cha ndalama yoti sungagulire ngakhale mchere? Muchite manyazi bambo.

Ate Dalitso: Gulitsani njovu zanuzo mugule sola, foni isadzazimenso 😂

Mphunzitsi wopuma: Mwandikumbutsa zanga. Ndinali ndi tiki (kobiri la mapeni atatu) wa Federation ya Rhodesia and Nyasaland ndi sheleni ya Zambia ya 1964 ya chithunzi cha mbalame ija. Ndinazikwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka kung'anima, wogula atangoziona anazibweza, akuti kukwecha kumachotsa mtengo. Zimene muli nazozo musazitsuke, kulungani lililonse pakapepala kake.

Wa pa Mwami: Aphunzitsi, 1964 kunali masheleni? Si kwacha inabwera ndi ufulu?

Amalume a ku Katete: Mukuona zimene ndimanena? Kwacha ndi ngwee zinayamba mu 1968! Tisanafike pamenepo tinkagwiritsa mapaundi ndi masheleni, paundi imodzi inasinthidwa ndi makwacha awiri. Mbalame ya pa sheleni ndi yomweyo inadzakhala pa 10 ngwee. Inu mumangodziwa za 2013 pamene anachotsa maziro atatu.

Amake Taonga: Amalume, mpatseni mpata mwini funso. Bambo, lemberani adimini wa gululo. Nthawi zina wopambana salipira, ndiye katundu amapita kwa wachiwiri. Koma musatumize kanthu musanaone chithunzi cha mbali zonse ziwiri.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Anabanda, ana anga sagona ndi njala, musandiweruze. Mlamu uja ndamuimbiranso, akuti ndidikire agulitse soya.

Amake Taonga: Nanga za kobirilo ndi ndalama simunayankhe.

Mphunzitsi wopuma: Soya chaka chino musamudalire, ine wanga akadali m'matumba.

Amalume a ku Katete: Ngati ndi la 1965, muuze amene wakupambanayo andipeze ku Katete. Ndikufuna ndilione ndi maso anga, chifukwa zachinyengo zachuluka ndipo inu nonse pano simungathe kusiyanitsa.