Thandizeni: khadi ya microSD ikumawonongeka magetsi akathima

Moni nonse akuluakulu a m'gulu muno. Pali vuto landisowetsa mtendere.

Ndinaika kompyuta yaing'ono ya Raspberry Pi 4 m'bokosi la magetsi pafakitale kuti izilemba kutentha kwa makina kudzera pa Modbus RS-485 (njira yolumikizirana ndi makina pa waya). Mphamvu imachokera pa 24V n'kutsitsidwa kufika pa 5V 3A. Imagwira bwinobwino, koma magetsi akathima mwadzidzidzi ili mkati molemba, mafayilo a pakhadi amasokonekera. Akabwerera, kanyale kofiira kamayaka koma Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyutayi, yomwe ili pakhadi) osadzuka, mpaka ndilembenso khadi yonse.

Ndagula makhadi ena odula, zomwezo. Ndinayatsa overlay mu raspi-config (pulogalamu yosinthira makonzedwe a Pi) kuti pakhadi pasamalembedwe kanthu, vuto linathadi, koma manambala onse amakhala mu RAM (mosungira mwa kanthawi chabe) ndipo amapita ndi magetsi omwewo. Nanga phindu lake n'chiyani? UPS ya batire (chopereka mphamvu magetsi akathima) ndikuikayikira chifukwa m'bokosimo mumatentha kwambiri.

Kodi Compute Module 4 (mtundu wina wa Raspberry Pi) yokhala ndi eMMC (chosungira mafayilo chomangidwira mkati m'malo mwa khadi) imapirira kuthima kotereku, kapena ndingotaya ndalama? Nanga alipo amene anagwiritsapo supercapacitor yosunga mphamvu masekondi ochepa kuti kompyuta izizima yokha mwadongosolo? Munalumikiza bwanji pa GPIO (timapini ta Pi tolumikizirapo mawaya) kuti izidziwa kuti magetsi apita?

Zikomo kwambiri.