Za zakumwa ndi matipu m'sitima yapanyanja: zowonjezera pa funso lija

Amene munafunsa muli kuno ku Harare kuti zakumwa zimalipiridwa bwanji pa sitima zapanyanja za kampani ya MSC zonyamukira ku Durban, ku South Africa, nazi zowonjezera.

M'sitimamo simugula ndi ndalama zapamanja. Khadi lotsegulira chipinda chanu ndi lomwe mumapereka ku bala, ndipo zonse zimalembedwa m'madola a ku America. Mukangolowa, lumikizani khadilo ndi Visa kapena Mastercard yogwira ntchito kunja kwa Zimbabwe, apo ayi siyani madola ngati chikole. ZiG (ndalama ya ku Zimbabwe) ndi EcoCash (ndalama za pafoni) sizigwira. Samalani ndi khadi la debit: banki imatsekereza ndalama ina, ndipo imatha kutenga masiku musanaionenso mutatsika kale.

Pa chakumwa chilichonse chogula pachokha amawonjezera 15 peresenti ya operekera, choncho tipu yapadera sikufunika. Palinso ndalama ya ogwira ntchito yowerengedwa usiku uliwonse pa munthu aliyense. Onani ngati tikiti yanu inaiphatikiza.

Mukafuna phukusi la zakumwa (kulipiriratu zakumwa pamtengo umodzi), onse a m'chipinda chimodzi amayenera kugula. Kwa osamwa kwambiri n'kutaya ndalama.

Mowa wochokera kunyumba usiyeni, makina oyezera katundu amauona. Mowa umene mwagula m'sitolo ya m'sitimamo amakusungirani mpaka ulendo utatha. Osafika zaka 18 sapatsidwa mowa.