Kompyuta ya kasitomala ikuzima pa 5.0 GHz nditasintha motherboard

Wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi kompyuta ya kasitomala wanga wojambula maukwati. Purosesa yake ndi i5-9600K, koma inali pa motherboard ya H310 imene siilola overclock, kutanthauza kuthamangitsa purosesa kuposa liwiro la ku fakitale. Sabata yatha ndamuikira ya Z390. Mu BIOS (momwe timasinthira ma setting a motherboard) ndakweza multiplier kufika pa 50, kutanthauza 5.0 GHz, pa ma core onse 6 a purosesa, ndayatsa XMP (yokweza liwiro la RAM), voltage ndaisiya pa Auto. Windows ikuyaka bwinobwino. Koma akangoyamba export (kutulutsa vidiyo yomalizidwa) mu pulogalamu ya Premiere Pro, sipapita mphindi 10, sikirini yonse buluu, nkulemba WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR. Ali ndi vidiyo ya ukwati yoti apereke Lachisanu, foni yanga sikupuma.

Madala a ku Lilongwe:
Achimwene, mwasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndiye simungadziwe chimene chikulakwa. Bwezerani BIOS pa default kaye. Yatsani XMP yokha, muyendetse MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, usiku wonse. RAM ikapambana, ndiye mukhudze purosesa. Komanso tiuzeni, cooler yoziziritsira purosesa ndi yanji, ndipo pulogalamu ya HWiNFO ikuonetsa chiyani pa Vcore (voltage ya purosesa) ndi kutentha nthawi ya export?

Wa ku Limbe:
Cooler ndi yomwe ija ya pa motherboard yakale, ya fani imodzi, yomangira ndi mapini anayi. Ikangokhala, Vcore ili pa 1.38, koma export ikayamba ikutsika mpaka 1.25. Ma core awiri akufika madigiri 99, ena ali pa 85.

Achemwali a ku Zomba:
Manambala amenewo anena zonse. Kutsika kwa voltage ntchito ikalemera ndi vdroop. Purosesa ikupempha mphamvu yambiri pa nthawi yomwe voltage ikugwa, nchifukwa chake ikuponya WHEA. Mankhwala ake ndi Load Line Calibration (LLC), setting ya mu BIOS yochepetsa kugwa kwa voltage. Muiike pakatikati, osati pamapeto, chifukwa ikakwera kwambiri voltage imadumpha kupitirira pomwe mwaika. Muwerenge buku la motherboard yanuyo, makampani ena Level 1 ndiye yamphamvu, ena ndiye yofooka.

Koma chimene chandidetsa nkhawa ine ndi kusiyana kwa madigiri 14 pakati pa ma core. Cooler imeneyo sinakhale bwino. Itsitseni muone kunsi kwake. Purosesayi malire ake ndi madigiri 100, ikafika pamenepo imadzichepetsa liwiro yokha, ndiye overclock yanuyo phindu palibe.

Mnyamata wa ku Johannesburg:
Ingokwezani voltage pa 1.42 amwene, ikhazikika. Yanga ili pa 5.0 chaka chachiwiri tsopano.

Madala a ku Lilongwe:
Ayi mwana wanga, zimenezo usamuuze mnzako pa kompyuta ya kasitomala. Mapurosesa a dzina limodzi sabadwa ofanana, ina imafika pa 5.0 ndi voltage yochepa, ina imakana. Voltage ukaikweza kutentha kumakwera koposa, ndipo pano ali kale pa 99. Ganiziranso kuti kompyutayi ikagwira ntchito m'kachipinda ka malata mwezi wa Okutobala. Ine kompyuta ya munthu sindiipitiriza voltage ya 1.35, ndipo ndimafuna ikhale pansi pa madigiri 85 ili pa ntchito yolemera.

China, achimwene a ku Limbe: mapulogalamu opanga vidiyo amagwiritsa ntchito malangizo a AVX, amene amatenthetsa purosesa kuposa magemu. Ikani AVX offset pa 2, kuti ntchito yotere ikabwera liwiro lizitsika ndi 200 MHz lokha. Muonenso power supply. Tija topepuka ngati chitini chopanda kanthu, tolembedwa 500W, musatidalire. Chingwe cha 8-pin cha purosesa chilowe chonse, osati theka.

Wa ku Limbe:
Achemwali munalasa. Ndatsitsa cooler, pini imodzi sinalowe mpaka pansi. Paste yopaka pakati pa purosesa ndi cooler yagwira mbali imodzi yokha, mbali inayo chitsulo chili mbee, ndipo yakaleyo sindinaipukute, yauma ngati dothi la m'chilimwe. Fumbi m'mapiko a heatsink ngati bulangete. Ndinathamanga nayo ntchitoyi, ndavomera. Ndagula tower cooler ya fani ya 120mm, ndapukuta ndi spirit, ndaika paste yatsopano kadontho ngati nsawawa. MemTest86 yayenda usiku wonse popanda vuto, XMP ili pa 3200.

Achemwali a ku Zomba:
Tsopano yambirani pa multiplier ya 46, muzikwera kamodzikamodzi, paliponse muyese ndi mapulogalamu oyesera purosesa, Cinebench kenako OCCT kwa ola. Ikakana kuyaka musachite mantha, chotsani batire ya CR2032 kwa mphindi zingapo, BIOS ibwerera. Koma mukafuna kuchita update BIOS, lumikizani pa UPS, chipangizo cha batire chosunga magetsi. Magetsi akathima zili pakati, motherboard yatsopanoyo mudzailira.

Wa ku Limbe:
Zatheka. Ndaimira pa 4.8 GHz, Vcore 1.29, LLC pakati, AVX offset 2. Pa 49 OCCT inapeza error patangopita mphindi 20, ndiye ndabwerera. Export ya maola awiri yatha osazima, kutentha sikunapitirire 78. Mwiniwake amafunabe 5.0 chifukwa anaiona pa YouTube. Ndamufotokozera kuti purosesayi payokha imayenda 4.3 ma core onse akamagwira ntchito, ndiye wapindula kale, ndipo ndamuonetsa vidiyo yake itatuluka yonse. Wainyamula masana ano.

Madala a ku Lilongwe:
Musunge profile imeneyo mu BIOS, mulembenso manambalawo pa kapepala mumate mkati mwa chivindikiro. Mumuuze abwere nayo pakatha miyezi itatu mudzaipemerere fumbi.